NAMBALA YA 240 NDI KUGAWANA KOPANDA NDEU

Akuruakuru a ku Nyimba ndi ku Petauke amene analowa sukulu caka ca 1968 cisanafike akumbukirabe mau amene aphunzitsi anali kuwanenetsa m'mawa uli wonse: makobiri 12 ndiyo shileni imodzi, mashileni 20 ndiyo paundi imodzi. Ana anali kuloweza mau amenewa monga aloweza katekisimu, koma ndi owerengeka okha amene anauzidwa cimene cinabisika m'kati mwace. Munthu akawerenga makobiri 12 kamakumi awiri apeza 240, ndipo awa ndiwo makobiri amene anali m'paundi imodzi. Nkhani ya lero ndi ya nambala imeneyi, mazana awiri ndi makumi anai.

Wina angafunse kuti, kodi nambala imodzi yokha ingakhale ndi nkhani yanji? Yankho lace ndi lakuti manambala safanana monga zifanana mbeu za cimanga m'nkhokwe. Nambala iri yonse iri ndi khalidwe lace ndi mtundu wace, monga anthu ali ndi makhalidwe ndi mafuko ao. Manambala ena ndi ouma mtima, salola kugawidwa ndi pang'ono pomwe. Ena ndi ofatsa, alola kugawidwa m'njira zambiri. 240 iri m'gulu la ofatsawo, ndipo mwa manambala onse oyambira pa 1 kufikira pa iyo palibe wina woiposa pa kufatsa kumeneku. Ici si cinthu ca m'sukulu mokha ai. Milandu yambiri ya pa cibale ndi ya anthu ocitira malonda pamodzi imayambira pa kanthu kakang'ono kamene katsala anthu atagawana.

Nthoci za pa Nyimba

Ali yense woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata adziwa kuti akaoloka mlatho wa Luangwa napitirira Kacholola, afika pa Nyimba, pamene amai amagulitsa nthoci m'mbali mwa mseu. Tsono munthu ayerekeze kuti m'madengu muli nthoci 240, ndipo eni ace afuna kugawana mofanana. Akakhala awiri, yense atenga 120. Akakhala atatu, yense atenga 80. Anai atenga 60, asanu atenga 48, asanu ndi mmodzi atenga 40, asanu ndi atatu atenga 30, khumi atenga 24, ndipo khumi ndi awiri atenga 20. Pa magawidwe onsewa palibe nthoci yotsalira m'dengu yoti anthu ayambe kuyang'anana nayo m'maso.

Koma mwana akaba nthoci imodzi yokha, zinthu zisintha kotheratu. Nthoci 239 sizigawika mofanana kwa anthu awiri, kapena atatu, kapena khumi, kapena makumi asanu. Njira ziripo ziwiri basi: munthu mmodzi atenge zonse, kapena pabwere anthu 239 kuti yense atenge imodzi. Ndipo wina akaonjeza nthoci imodzi pa zija 240, kuti zikhale 241, bvuto likhala lomwelo.

Manambala otere, amene agawika ndi 1 ndi iwo eni okha, akatswiri a masamu amawacha ma prime m'Cingerezi, ndipo m'nkhani ino achedwa manambala osagawika. Oyamba ace ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Euclid, amene anali kuphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka ngati 300 Kristu asanabadwe, anatsimikiza kuti manambala osagawika alibe mathero. Awiri osagawika akakhala moyandikana, nambala imodzi yokha iri pakati pao, amachedwa mapasa, monga 11 ndi 13, kapena 17 ndi 19. Comweco 239 ndi 241 ndi mapasa, ndipo 240, nambala yofatsa koposa, ikhala pakati pa awiri ouma mtima. Ngati mapasa otere ali ndi mathero kapena iai ndi funso limene akatswiri a dziko lonse akali kulimbana nalo kufikira lero.

Zogawira makumi awiri

Nambala imene igawa inzace popanda cotsala ichedwa cogawira cace. Zogawira za 240 ziripo 20, ndipo ndi izi: 1, 2, 3, 4, 5, 6, 8, 10, 12, 15, 16, 20, 24, 30, 40, 48, 60, 80, 120 ndi 240.

Njira yabwino yozipezera ndiyo kuganiza za mlimi amene ali ndi ana a nthoci 240 oti abzale m'dimba, ndipo afuna kuti mizere yonse ikhale yofanana. Angathe kucita mzere umodzi wa mitengo 240, kapena mizere 2 ya mitengo 120, mizere 3 ya 80, mizere 4 ya 60, mizere 5 ya 48, mizere 6 ya 40, mizere 8 ya 30, mizere 10 ya 24, mizere 12 ya 20, kapena mizere 15 ya 16. Akapitirira apa angobwereza zomwe zija motembenuza. Zogawirazo zayenda ziwiriziwiri, cacing'ono ndi cacikuru, magulu khumi, ndipo zonse pamodzi zakwana 20.

Mlimi amene afuna kuti dimba lace likhale lofanana mbali zonse zinai sangathe kutero ndi mitengo 240. Mizere 15 ya mitengo 15 itenga 225, ndipo mizere 16 ya mitengo 16 ifuna 256. Cimene angafikepo pafupi ndi mizere 15 ya mitengo 16. Manambala amene apangidwa pakucurukitsa awiri otsatizana, monga 2 ndi 3 apanga 6, 3 ndi 4 apanga 12, 15 ndi 16 apanga 240, Agriki akale anali kuwaika m'gulu laolao. Ali ndi cizindikiro cokondweretsa: munthu akaonkhetsa 2, 4, 6, 8, napitirira motero kufikira 30, apeza 240 ndendende.

Mizati ya nambala

Nyumba iima cifukwa ca mizati yace, ndipo mizati ya nambala iri yonse ndiwo manambala osagawika aja. Pofuna kuona mizati ya 240, munthu aidule pakati: apeza 120. Adulenso: 60. Adulenso: 30. Adulenso kacinai: 15. Apa kudula pakati kwakanika, pakuti 15 ndi 3 kasanu. Cotero 240 ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 5. Iri ndi mizati isanu ndi umodzi: ma 2 anai, 3 mmodzi ndi 5 mmodzi. Palibe nambala ina pa dziko lapansi yokhala ndi mizati yomweyi, ndiponso palibe njira ina yomangira 240 ndi manambala osagawika.

Kucokera pa mizati imeneyi munthu angadziwe kucuruka kwa zogawira asanazilembe nkomwe. Cogawira ciri conse cimangidwa pakusankha ina mwa mizatiyo. Pa ma 2 aja munthu angatenge mmodzi, awiri, atatu, onse anai, kapena kuwasiya onse: njira zisanu. 3 angamtenge kapena kumsiya: njira ziwiri. 5 angamtenge kapena kumsiya: njira ziwirinso. Tsono 5 × 2 × 2 ndi 20, monga zinapezeka m'dimba muja. Ndipo 20 mwini ali mmodzi wa zogawirazo, pakuti 240 ndi 20 kakhumi ndi kawiri.

Mizati yomweyo ionetsanso pamene mphamvu ya 240 ilekeza. Mulibe 7 m'menemo, cotero anthu asanu ndi awiri akagawana nthoci zija yense atenga 34, nizitsala ziwiri. Muli 3 mmodzi yekha, cotero anthu asanu ndi anai, amene afuna ma 3 awiri, atenga 26 yense, nizitsala zisanu ndi imodzi. Nanga 100, nambala imene anthu ambiri amaiyesa yokwanira bwino? Mizati yace ndi 2 × 2 × 5 × 5. M'nyumba ya 100 mulibe 3 ndi mmodzi yemwe. Cifukwa ca ici 100 sigawika kwa atatu, kwa asanu ndi mmodzi kapena kwa khumi ndi awiri, ndipo zogawira zace ziripo 9 zokha.

Pali zizindikiro zimene wamalonda angagwiritse nchito popanda colembera. Nambala yothera ndi 0 igawika ndi 2, ndi 5 ndi 10. Nambala imene ziwerengero zace zikaonkhetsedwa zipatsa 3, 6, 9 kapena ina yogawika ndi 3, igawika ndi 3: pa 240, 2 ndi 4 ndi 0 apanga 6. Nambala imene ziwerengero zace ziwiri zotsiriza zigawika ndi 4, nayonso igawika ndi 4: pa 240 zotsirizazo ndi 40.

Kumene paundi inacokera

Kale anthu a Cinsenga a cigwa ca Luangwa sanali kuwerenga cuma cao m'makobiri. Anali kusinthana mcere, makasu, mikanda ndi nsaru, ndipo minyanga ya njobvu inali kunka kwa Acikunda a ku Feira ndi ku Zumbo. Ndalama za Angerezi zinalowa ndi ulamuliro wa British South Africa Company, makamaka pamene msonkho unayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Amuna ambiri a dziko la Petauke, limene Nyimba inali mbali yace masiku amenewo, anayenda pansi kunka ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa, kukafuna mashileni a msonkho ndi a nsaru.

Koma mawerengedwe a ndalamazo anali akale koposa, ndipo sanayambire ku England. Ca m'ma 794 mfumu Charlemagne, imene inali kulamulira maiko amene lero ndi France ndi Germany, inakhazikitsa lamulo lakuti siliva wolemera paundi imodzi asulidwe tindalama 240. Kandalama kamodzi kanali kuchedwa denarius m'Cilatini, tindalama 12 tinali solidus, ndipo ma solidus 20 anali libra, ndiko kuti paundi. Angerezi anatengera mawerengedwe amenewa, nawasunga zaka zoposa cikwi. Ici ndico cifukwa cace ana a sukulu a ku Minga ndi ku Nyanje anali kulemba £ s. d. pamwamba pa samu zao: zilembo zitatuzi ziimira libra, solidus ndi denarius, ndipo d wa kobiri sacokera ku mau ali onse a Cingerezi.

Paundi inali ndalama yosabvuta kugawana. Amuna awiri oceka matabwa pamodzi akalandira paundi, yense anali kutenga 10s. Akakhala atatu, 6s. 8d. Anai, 5s. Asanu, 4s. Asanu ndi mmodzi, 3s. 4d. Asanu ndi atatu, 2s. 6d. Khumi ndi awiri, 1s. 8d. Khumi ndi asanu ndi mmodzi, 1s. 3d. Palibe kobiri lotsala. Ndi shileni yomwe inali yofatsa: theka lace linali sikisi, gawo lacinai linali tiki, ndipo gawo lacitatu linali makobiri anai. Pa masiku amene alimi anali kugulitsa nshawa zao ku Petauke Co-operative Marketing Union, abale atatu olima munda umodzi anali kutha kugawana mapaundi ao kufikira pa kobiri lotsiriza.

Koma ubwino umenewu unali ndi mtengo wace, ndipo amene anaulipira ndi ana a sukulu ndi akalaliki. Munthu wogula katundu wa 7s. 9d., wina wa 8s. 7d., ndi wina wa 6s. 10d., anayenera kuyamba waonkhetsa makobiri, napeza 26; agawe ndi 12, napeza mashileni awiri ndi makobiri awiri otsala; asenze mashileni awiriwo kunka nao pa 21, napeza 23; acotsepo 20, ndipo pamenepo ndi pamene adziwa kuti alipira £1 3s. 2d. Samu imodzi inafuna malamulo atatu, la 10, la 12 ndi la 20. Munthu wosaphunzira anali kungokhulupirira cimene wa m'sitolo wanena, ndipo osakhulupirika anali kudyerapo.

Tsiku limene 240 inatula pansi udindo

Pa 16 January 1968 dziko la Zambia linasiya paundi niliyamba kwacha ndi ngwee. Kwacha imodzi inalowa m'malo mwa mashileni khumi, ndipo inagawidwa m'ngwee 100. Shileni inasanduka ngwee 10, sikisi inasanduka ngwee 5, koma tiki inagwera pakati, pa ngwee ziwiri ndi theka, ndipo kobiri silinapeze mnzace wofanana nalo, pakuti makobiri 12 anayenera kulowa m'ngwee 10. South Africa inali itacita kale zotere mu 1961. Malawi inatenga kwacha ndi tambala mu 1971, ndipo Angerezi eni ace anataya makobiri 240 pa 15 February caka comweco.

Phindu la kusinthaku linali loonekeratu. Anthu amawerenga m'makumi cifukwa zala za manja ziri khumi, ndipo Cinyanja comwe cimawerenga motero: khumi, makumi awiri, zana. Ndalama zikayenda m'makumi, samu ya ndalama ikhala yofanana ndi samu ina iri yonse, ndipo mwana amene adziwa kuonkhetsa mbuzi adziwanso kuonkhetsa ngwee. Koma cinatayika ciriponso. Kwacha ikagawidwa kwa atatu, yense atenga ngwee 33, niitsala imodzi. Kwa asanu ndi mmodzi yense atenga 16, nizitsala zinai. Kwa asanu ndi atatu yense atenga 12, nizitsalanso zinai. Mwa manambala oyambira pa 1 kufikira pa 12, asanu ndi anai agawa 240, koma asanu okha ndiwo agawa 100. Dziko linasankha ndalama yosabvuta kulemba, nilisiya ndalama yosabvuta kugawana. Pa 1 January 2013 boma linacotsa ma 0 atatu pa kwacha, koma K100 ya lero ikanabe kugawika kwa anthu atatu monga inakanira kwacha ya 1968, pakuti khalidwe la nambala silisintha ndi lamulo la boma.

Maina amene akatswiri anaipatsa

Ca m'ma 100 Kristu atabadwa, Nicomachus wa ku Gerasa, mudzi umene mabwinja ace ali m'dziko la Jordan, analemba za mitundu itatu ya manambala. Anati munthu aonkhetse zogawira zonse za nambala, kusiyapo nambalayo mwini. Zikapanda kufika pa nambalayo, nambalayo ndi yoperewera: zogawira za 10 ndi 1, 2 ndi 5, zimene zipanga 8 cabe. Zikafanana nayo ndendende, ndi yangwiro: 6 ndi 1, 2 ndi 3, ndipo 28 ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14. Zikaiposa, ndi yosefukira. Zogawira 19 za 240 zikaonkhetsedwa zipanga 504, kuposa 240 kawiri. Cotero 240 ndi yosefukira kwambiri, pamene anansi ace 239 ndi 241 ali operewera kotheratu, pakuti yense ali ndi 1 yekha woti aonkhetse.

Mwa zogawira zimenezo muli zitatu zimene zibweza 240 ndendende: 120, 80 ndi 40. Izi ndi theka, gawo lacitatu ndi gawo lacisanu ndi cimodzi. Bwalo la mfumu likagamula kuti wina alandire theka la cuma, wina gawo lacitatu, wina gawo lacisanu ndi cimodzi, cuma conse catha, ndipo pa 240 ali yense alandira cathunthu.

Dzina lina linacokera kwa Srinivasa Ramanujan, mnyamata wosauka wa ku India amene anali kalaliki pa doko la Madras, nadziphunzitsa yekha masamu. Anapita ku Cambridge mu 1914, ndipo mu 1915 anasindikiza nkhani yaitali ya manambala amene ali ndi zogawira zambiri kuposa nambala iri yonse yaing'ono kwa iwo. Manambala amenewa ndi osowa. Oyamba ace ndi 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240 ndi 360. Omvera aona kuti m'ndandanda umenewu muli miyezi 12 ya caka, maora 24 a tsiku, mphindi 60 za ora, ndi makobiri 240 a paundi. Makolo a mitundu yambiri, ngakhale sanali kudziwa dzina la gululi, anali kusankha manambala ace pa zinthu zimene zifuna kugawidwa kawirikawiri. 120 iri ndi zogawira 16, 180 iri ndi 18, 240 iri ndi 20, ndipo palibe yoposa apa kufikira pa 360, imene iri ndi 24. Ramanujan anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha.

Kumene 240 ipezekanso

Dziko lapansi lizungulira kamodzi pa maora 24, ndipo kuzungulira kwathunthu kuwerengedwa madigiri 360. M'tsiku muli masekondi 86,400. Akagawidwa ndi 360 apatsa 240. Ndiko kunena kuti dziko litembenuka digiri imodzi pa masekondi 240, amene ali mphindi zinai. Nyimba iri kum'mawa kwa Lusaka ndi madigiri ngati awiri ndi theka. Cifukwa ca ici dzuwa lifika pa liwombo ku Nyimba mphindi ngati khumi lisanafike pa liwombo ku Lusaka, ngakhale mawoci a malo onse awiri anena nthawi imodzi.

Codabwitsa cina ciri pa manambala osagawika. Munthu atenge wina ali yense woposa 5, amcurukitse ndi iye mwini kufikira alembedwe kanai, ndipo acotsepo 1. Cotsalaco cidzagawika ndi 240 nthawi zonse. Pa 7: 7 × 7 × 7 × 7 ndi 2,401; kucotsapo 1 ndi 2,400, ndiyo 240 kakhumi. Pa 11 mupezeka 14,640, ndiyo 240 × 61. Pa 13 mupezeka 28,560, ndiyo 240 × 119. Si matsenga ai, mizati ija ndiyo icita ici. Yankholo nthawi zonse limangidwa ndi zidutswa zitatu: nambala ya kumbuyo kwa wosagawikayo, nambala ya kutsogolo kwace, ndi iye mwini atacurukitsidwa kamodzi ndi kuonjezedwa 1. Pa 7 zidutswazo ndi 6, 8 ndi 50. Zonse zitatu zigawika ndi 2, ndipo cimodzi mwa ziwiri zoyambazo cigawika ndi 4, cotero ma 2 anai apezeka. Mwa manambala atatu otsatizana mmodzi agawika ndi 3, ndipo popeza wa pakatiyo ndi wosagawika, 3 akhala mwa anansi ace. Kunena za 5, wosagawika woposa 5 athera ndi 1, 3, 7 kapena 9, ndipo ali yense wa awa akalembedwa kanai motero yankho lithera ndi 1. Kucotsapo 1 lithera ndi 0. Mizati yonse isanu ndi umodzi yakwana.

Cacitatu ciyambira pa masewera a ana. Kobiri likaikidwa pa thebulo, makobiri asanu ndi limodzi okha ndiwo angalizinge onse nalikhudza. Lalanje likagwiridwa m'mwamba, malalanje 12 ofanana nalo angalikhudze pamodzi. Isaac Newton ndi David Gregory anatsutsana mu 1694 ngati lakhumi ndi citatu lingalowe, ndipo umboni wakuti silingalowe unapezeka mu 1953. Thebulo liri ndi miyeso iwiri, m'litali ndi m'lifupi. Lalanje liri ndi itatu, kuonjezapo msinkhu. Akatswiri amawerenganso za malo a miyeso yambiri, amene maso sangawaone koma samu iwafotokoza, ndipo nzeru zimenezi zithandiza potumiza mau pa lamya ndi pa intaneti popanda kusokonezeka. Mu 1979 kunatsimikizidwa kuti m'malo a miyeso isanu ndi itatu mipira yokhudza mpira umodzi ikwana 240, osapitirira. Mu 2016 mai wina wa ku Ukraine, Maryna Viazovska, anatsimikiza kuti kasanjidwe kameneka ndiko kolongedza mipira mothithikana koposa m'malo otero, ndipo mu 2022 analandira Fields Medal, mphotho yaulemu kwambiri pa masamu.

Cimene wamalonda angatolepo

Paundi inapita, koma 240 ikali kugwira nchito pa msika. Mathireyi asanu ndi atatu a mazira 30 ndi mazira 240, ndiwo madazeni 20. Amai khumi ndi awiri a cilimba akasonkha K20 yense, wolandira atenga K240. Akakhala asanu ndi atatu osonkha K30, kapena khumi ndi asanu ndi mmodzi osonkha K15, mtolo ukhala womwewo. Munthu wosunga K20 mwezi uli wonse apeza K240 pakutha caka.

Phunziro lace ndi ili. Anthu amene ayamba nchito pamodzi, kaya ndi cilimba, kaya ndi dimba la cibale, kaya ndi kubwereka galimoto yonyamula nthoci kunka ku Lusaka, ayambe ayang'ana nambala yao ndi nambala ya cimene adzagawana. Ngati ali ndi ufulu wosankha, asankhe nambala yokhala ndi 2 ndi 3 yemwe m'mizati yace, monga 12, 24, 60, 120 kapena 240, pakuti yotere igawika m'njira zambiri. Ngati alibe ufulu umenewu, monga pamene ali asanu ndi awiri, adziwiretu kuti cotsala cidzakhalapo, ndipo apangane za ico ndalama isanafike: kaya cisungidwe kufikira ulendo wina, kaya cipite kwa wosunga thumba, kaya anthu azilandira mosinthana. Akuru anati cibale ndi fupa, siciola. Koma abale ambiri aleka kulonjerana cifukwa ca ngwee zimene palibe anaba, zimene zinatsala cifukwa nambala yace inalibe 3.

Omvera amene afuna kuyesa nzeru zao atenge mbeu za cimanga 360, nazisanje m'mizere yofanana monga anacitira mlimi wa nthoci uja. Njira ziripo khumi ndi ziwiri, ndipo zogawira ziripo 24. Amene wazipeza zonse afunefunenso mizati ya 360, naone cifukwa cace nambala imeneyi igawika kwa anthu asanu ndi anai pamene 240 inakana.